Kusintha mafyuluta a kompresa ya m'fakitale popanda kudyetsa makina fumbi

Kompresa ya screw (makina opanikiza mpweya ndi zitsulo ziwiri zamazinga zozungulira, zotchedwa ma rotor) yokhala ndi mota ya 37 kW imameza mpweya wokwana ma cubic metre pafupifupi 6 pa mphindi. Ikagwira ntchito maola 2,000, mpweya umene wadutsa pakhosi pake umaposa ma cubic metre 700,000, ndipo mpweyawo subwera wokha. Umabwera ndi fumbi, mwaye, utuchi, tiulusi, chilichonse chimene chimauluka m'chipinda momwe makinawo ali. Chotchinga chokha pakati pa zonsezi ndi zitsulo zosalala za mkati ndi pepala lopindapinda la fyuluta. Komanso makina akapanikiza mpweya kufika pa 7 bar (bar ndi muyeso wa pulesha), amakhala atatenga miyeso 8 ya mpweya n'kuithinitsa m'malo a muyeso umodzi, choncho fumbi lililonse limene lazemba fyuluta limakhala lodzazana ka 8 kuposa mmene linalili kunja.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona ntchito yosintha fyuluta ikungoponyeredwa aliyense amene wapezeka alibe chochita. Kuvuta sivuta, ndipo pa makina ambiri sitha theka la ola. Koma pa mphindi zochepa zija fyuluta yakale itatuluka, yatsopano isanalowe, kompresa imakhala kukamwa yasa, ndipo dzanja losasamala likhoza kugwetsera mkati fumbi lochuluka kuposa limene fyuluta yabwino ikanalola kudutsa pa miyezi yambirimbiri. Fyuluta iliyonse ili ndi mbali yakuda ndi mbali yoyera. Ntchito yanu yonse ndi yoti za kumbali yakuda zisawolokere kumbali yoyera.

Tikunena mafyuluta ati

Ambiri akamva za fyuluta ya mpweya amaganiza za imodzi yokha, ija ili polowera mpweya, m'bokosi lozungulira lachitsulo kapena lapulasitiki. Imeneyo imateteza makina enieniwo. Koma pa mapayipi otuluka pamakhala ena, oteteza zida ndi katundu amene mukupanga. Ina imagwira dzimbiri ndi tinthu tolimba, nthawi zambiri mpaka kukula kwa 1 micron. Ina, imene amati coalescing, imasonkhanitsa nkhungu ya oyilo ndi madzi kuti ikhale madontho otsikira pansi, ndipo zosefa kwambiri zimafika pa 0.01 micron. Kuti muone kuchepa kwake, tsitsi limodzi la munthu limanenepa ma micron apakati pa 50 ndi 100. Kumene mpweya umakhudza zinthu zosafuna oyilo ngakhale pang'ono, monga mankhwala kapena penti, amawonjezera fyuluta ya makala apadera otchedwa activated carbon, yochotsa fungo ndi nthunzi ya oyilo. Muyezo wa ISO 8573-1 ndiwo umagawa mpweya wopanikizidwa m'magulu potengera tinthu tolimba, madzi ndi oyilo, ndipo gulu limene ntchito yanu imafuna ndilo limanena mafyuluta oyenera kukhala pa mzere wanu wa mapayipi.

Tiyamba ndi ya polowera mpweya, kenaka tipita pa mapayipi.

Musaweruze ndi maso

Apa ndi pamene amisiri ambiri, ngakhale akale pantchito, amalakwitsa. Amatsegula chivundikiro, amaona fyuluta ili bii, n'kunena kuti yatha. Chonsecho fyuluta ya pepala ikayamba kugwira fumbi imasefa bwino kuposa mmene imasefera ili yatsopano, chifukwa fumbi lomatirira kunja limatseka timabowo tikulutikulu ta pepala n'kumagwira linzake. Kuda kwa kunja ndi umboni woti ikugwira ntchito. Ndipo nthawi iliyonse imene mwaisolola kuti mungoiona, mwasuntha mphira wotsekera m'mphepete komanso mwagwedezera fumbi pafupi ndi khomo la makina.

Chokuuzani zoona ndi kachizindikiro kamene kali pa bokosi kapena pa payipi yochokera ku fyuluta. Ndi kabotolo koonekera mkati, ndipo makina akayamba kuvutika kukoka mpweya, kachinthu kofiira kamatulukira n'kukhala pomwepo ngakhale mutazimitsa. Pa makompresa ambiri a screw kamafiira kukoka kukafika cha m'ma 50 mbar, ndiye kuti 0.05 bar. Makina a masiku ano amalembanso uthenga pa sikirini. Pamwamba pa apo pali maola. Opanga ambiri amati fyuluta ya polowera isinthidwe pa maola pafupifupi 2,000 kapena kamodzi pachaka, chimene chayamba kukwana, koma buku la makina anu ndilo lili ndi mawu omaliza. Kumalo a fumbi lambiri, monga kophwanya miyala, kopala matabwa kapena kopanga simenti, musadikire maolawo. Kachizindikiro kakhoza kufiira maola asanafike ndi theka lomwe.

Makinawo amadandaulanso okha mukawatchera khutu. Amatenga nthawi yaitali kudzaza thanki, amatentha kuposa kale, ndipo zida za kumapeto kwa mzere zimafooka. Mukapitiriza kunyalanyaza, kukoka kumafika poti pepala limafwaphira mkati kapena kung'ambika, ndiye fumbi lonse la chaka chathunthu limalowa kamodzin'kamodzi. Likasakanikirana ndi oyilo limasanduka phala lokhakhala limene limadya mabering'i ndi ma rotor, n'kutseka fyuluta ya oyilo ndi separator (yolekanitsa oyilo ndi mpweya) nthawi yake isanakwane.

Mafyuluta a pa mapayipi ali ndi geji yawoyawo pamutu, yoonetsa kusiyana kwa pulesha polowa ndi potuluka. Iwerengeni mpweya ukugwiritsidwa ntchito kwathunthu, chifukwa mzere ukangokhala phee geji imaloza pansi ngakhale fyuluta itatsekeka. Opanga ambiri amati musinthe kusiyanako kukafika cha pa 0.35 mpaka 0.5 bar, kapena pakatha miyezi 12 ngakhale muvi uli pobiriwira. Chifukwa chake n'chakuti fyuluta yong'ambika siikaniza mpweya konse, ndiye geji imaoneka yabwino pomwe oyilo akudutsa mwaufulu. Muvi umene unkakwera pang'onopang'ono ukangogwa mwadzidzidzi, musasangalale. Ya makala ija geji siikuuzani kanthu, chifukwa makala akakhuta oyilo mpweya umadutsabe bwinobwino. Imeneyo imayendera nthawi, kawirikawiri miyezi 6, kapena msanga mukayamba kumva fungo la oyilo.

Pali ndalama imene imathera apa mosaoneka. Fyuluta ikatsekeka, anthu amakweza pulesha pa kompresa kuti zida zipitirize kugwira ntchito, ndipo 1 bar iliyonse yowonjezera imadya magetsi ena pafupifupi 7 peresenti, usana ndi usiku.

Musanakhudze makina

Pezani fyuluta yoyenera poyamba. Tengani nambala yake m'buku kapena pa fyuluta yakale, pamodzi ndi modelo ndi nambala ya makina zolembedwa pa kachitsulo ka pambali. Mafyuluta awiri akhoza kufanana ngati mapasa koma n'kusiyana mamilimita ochepa m'litali, ndipo mamilimita amenewo ndiwo njira ya fumbi. Yatsopanoyo itulutseni m'katoni, muiyang'ane ngati ilibe pobonyoka, pong'ambika kapena mphira wophwanyika, kenaka muibwezere m'pepala lake mpaka nthawi yoilowetsa. Imene yagwa pansi n'kubonyoka musaikhulupirire.

Konzani nsalu zoyera zosathothoka ulusi, kabeseni ka madzi a sopo, tochi, sikuludiraiva, sipanala zoyenera, thumba lapulasitiki loikamo fyuluta yakale, loko ndi chikwangwani chochenjeza. Valani magalasi oteteza maso, magolovesi ndi chotchinga mphuno. Ngati pafupi pali wina amene akusesa, kupala kapena kupopera fumbi, mupempheni aime kaye.

Kuzimitsa ndi kuphwetsa

Zimitsani ndi batani lozimitsira la masiku onse, osati lofiira la pangozi. Batani la masiku onse limapatsa makina masekondi angapo oti asiye kupanikiza n'kutulutsa pulesha ya mkati asanaime. La pangozi limaimitsa makina ali pakati pa ntchito, ndipo mpweya wosakanikirana ndi oyilo ukhoza kubwerera m'mbuyo kudzera pa valavu yolowera mpaka kunyowetsa fyuluta. Mukapeza fyuluta yakale ili noninoni ndi oyilo, funsani mmene anthu amazimitsira makinawo, ndipo valavuyo iyang'anidwe.

Kompresa imene yangokhala chete si yozima. Ambiri mwa makina amenewa amadzidzutsa okha pulesha ikatsika pa mzere, ena amadzuka okha magetsi akabwerera, enanso amalamulidwa ndi kompyuta ili kuchipinda china. Choncho pitani pa swichi yaikulu, muzimitse, mukhome loko, kiyi muike m'thumba mwanu, ndipo mupachike chikwangwani cha dzina lanu. Mukatero bwererani mukadinize batani loyatsira kuti mutsimikize kuti makina sakuyankha. Ngati ndi makina osinthasintha liwiro, aja a VSD, bokosi la magetsi musalitsegule nkomwe, chifukwa ma capacitor ake amasunga mphamvu kwa mphindi zingapo magetsi atazimitsidwa kale.

Tsekani valavu yotulukira mpweya kuti thanki yaikulu ndi mzere zisabwezere mpweya ku makina. Kenaka tsegulani pang'onopang'ono valavu yophwetsera, nkhope mutaipatutsa, mpaka phokoso litheretu. Dziwani kuti kompresa ya screw ili ndi valavu imene imasunga pulesha ina m'thanki ya oyilo, kawirikawiri cha m'ma 4 bar, ndipo imalekanitsa thankiyo ndi payipi yotuluka. Kuphwetsa mbali imodzi sikutanthauza kuti inayo yaphwa. Yang'anani mageji onse. Ndipo geji nayo imatha kukakamira, choncho muvi woloza pa 0 muutsimikize ndi valavu yotseguka imene sikutulutsanso kalikonse.

Dikirani makina azizire. Oyilo ndi zitsulo za pafupi ndi potulukira mpweya zimakhala pa madigiri 80 mpaka 95 makina akamagwira ntchito, ndipo mkono umapsa musanazindikire kuti mwagunda.

Fyuluta ya polowera mpweya

Yambani ndi kupukuta kunja kwa bokosi lisanatsegulidwe. Pamwamba pake ndi m'mphepete mwa chivundikiro mumakhala fumbi lokhuthala, ndipo limangodikira kuti mumasule tizitsulo tomangira kuti ligwere mkati. Pukutani ndi nsalu yonyowa pang'ono. Musapopere ndi mpweya.

Masulani tizitsulo tomangira kapena nati ya mapiko ya pakati, chotsani chivundikiro, mukhutule fumbi lake m'thumba kutali ndi makina. Kunsi kwa chivundikiro kumakhala kamphira kokhala ngati mlomo wa bakha, kolavula fumbi lolemera. Kafinyeni kuti katseguke. Ngati kauma, kang'aluka kapena kasowa, ikani kena, chifukwa pamenepo mpweya wakuda umalowera mobwerera.

Tsopano fyuluta. Yambiri ya masiku ano imagwira ndi mphira wa mkati mwa kamwa lake, umene umakumbatira payipi ngati chotsekera botolo. Igwireni ndi manja awiri, muigwedezere uku ndi uku pang'ono kapena kuipotoza pang'ono kuti mphira uleke, kenaka muikoke molunjika, modekha, osaigunditsa m'makoma a bokosi. Kuigunditsa kamodzi kokha kumagwetsa fumbi lodzaza dzanja. Ikatuluka, ilowe m'thumba nthawi yomweyo.

Ngati mkatimo muli fyuluta ina yaing'ono yowonda, imeneyo ndi mlonda wachiwiri, yogwira fumbi ngati yaikulu yang'ambika. Isiyeni pamalo pake pamene mukupukuta bokosi. Siitsukidwa kapena kukunthidwa, ndipo kawirikawiri imasinthidwa kamodzi pa maulendo atatu osintha yaikulu. Mukaipeza yada, dziwani kuti yaikulu inkadutsitsa fumbi, ndipo zonse ziwiri zisinthidwe.

Ngati mulibe fyuluta yachiwiri, khomo la makina lili poyera ndipo liyenera kuvundikiridwa. Apa ndikufuna ndikuchenjezeni ndi chimene ndinaona ndi maso anga. Pa fakitale ina imene ndinkagwirako ntchito, mnzathu wina anatseka khomolo ndi kansalu kakang'ono, ndi cholinga chabwino ndithu. Ali mkati mopukuta anaitanidwa kwina, ndipo amene anadzamalizitsa ntchito anangolowetsa fyuluta yatsopano osaunika mkati. Titayatsa, makina analira mwachilendo ndipo pulesha inakana kukwera. Titamasula payipi tinapeza kansalu kaja katakulungika pa valavu yolowera, nsonga yake italowa kale mkati. Mwayi wake kanakodwa pomwepo osafika pa ma rotor, komabe ntchito inaima tsiku lonse. Kuchokera pamenepo ndimavundikira khomo ndi chinthu chachikulu kuposa bowolo, choti fyuluta singalowe chisanachotsedwe, ndipo nsalu ndimaziwerenga poyamba ndi pomaliza.

Pukutani mkati mwa bokosi ndi nsalu yonyowa pang'ono, dzanja likuyenda kuchokera mkati kubwera kunja. Samalani kwambiri pamene mphira umakhala. Kamchenga kamodzi kotsalira pamenepo kamasiya kampata. Mukamaliza, pakhale pouma.

Musanataye fyuluta yakale, iwerengeni, chifukwa imanena mbiri ya makina. Unikani mkati mwake ndi tochi. Mbali yoyera iyenera kukhala yoyera ponseponse. Mukaona kamzere ka fumbi kodutsa pa mphira, ngati kanjira ka nyerere, ndiye kuti mpweya unkalambalala fyuluta pamenepo. Tengani nsalu yoyera, muikulunge kuchala, mupisitse m'payipi yopita ku makina. Ikatuluka mbee, zili bwino. Ikatuluka ndi fumbi lokhakhala pakati pa zala, pali pena pamene pakuyamwa mpweya wakuda, ndipo fyuluta yatsopano yokha sithetsa vutolo. Tsatirani payipi yamphira ija kuchokera pa bokosi kufika pa valavu yolowera. Ipindeni pang'ono muone ngati ilibe ming'alu m'makwinya, ndipo muyese makilampu onse ngati ali olimba. Payipi imeneyi ili kumbali yoyera, choncho kabowo kalikonse pamenepo ndi khomo lopanda mlonda.

Ikani yatsopano pafupi ndi yakale muyerekeze kutalika, kunenepa ndi kamwa. Zikafanana, chotsani chovundikira chija, unikaninso mkati komaliza, ndipo lowetsani fyuluta. Kankhani ndi manja m'mphepete mwake, osati pakati, mpaka mumve kuti yafika. Mphira musaupake girizi kapena oyilo. Ndiponso musagwiritse ntchito chivundikiro pokankhira fyuluta. Chivundikiro chikakana kutseka mosavuta, fyuluta sinakhale bwino kapena si yake, ndipo kukakamiza kumangothyola tizitsulo ndi kupinda pepala. Pa mtundu wa nati ya mapiko, mphira umakhala wafulati kumapeto. Mangani ndi dzanja mpaka fyuluta isagwedere, ndipo kawashala kamphira ka pansi pa nati kasaiwalike.

Bwezerani chivundikiro, mlomo wa bakha uja utaloza pansi. Tsekani tizitsulo tonse, kenaka dinizani kabatani ka pa kachizindikiro kuti chofiira chibwerere.

Pa kompresa ya pisitoni ntchito ndi yomweyi koma yaing'ono. Kawirikawiri silinda iliyonse yokoka mpweya imakhala ndi kabokosi kake, ndipo ndi bwino kusintha onse tsiku limodzi. Ngati fyuluta yake ndi yasiponji, imachapidwa ndi sopo, koma iume gwa isanabwerere.

Za kukuntha ndi kupopera

Ndikudziwa kuti chizolowezi chokunthira fyuluta pakhoma kapena kuipopera ndi mpweya chili ponseponse, ndipo amene amachita zimenezi amakhala akufuna kupulumutsa ndalama za kampani. Koma mpweya wa 7 bar ukamenya pepala pafupi umaboola timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kukuntha kumamatula guluu wogwira pepala ku mapeto ake. Fyuluta imaoneka yoyera, kachizindikiro kamakhala kobiriwira, pomwe fumbi losalala likudutsa. Mtengo wa fyuluta ndi kachigawo kakang'ono chabe poyerekeza ndi mtengo wokonzetsa chipangizo chopanikiza mpweya.

Ngati mwapanikizika kwenikweni, yatsopano palibe, ndipo buku likuloleza, poperani ndi mpweya wofooka, kuchokera mkati kupita kunja, mlomo wa payipi uli patali, mukutsatira mapindo. Mukatero lowani nayo pamdima, muike tochi mkati, muizungulize pang'onopang'ono. Kadontho kowala kamodzi kokha ndi kokwanira kuitaya. Ndipo payipi ya mpweyayo musadzipopere nayo fumbi m'zovala kapena m'manja. Mpweya wopanikizidwa umaphulitsa diso ndi khutu, ndipo ukhoza kulowa m'thupi kudzera pa kabala kakang'ono.

Mafyuluta a pa mapayipi

Awa ndi oopsa mwa mtundu wina, chifukwa botolo lawo, momwe mumakhala fyuluta, limakhala ndi pulesha yonse ya mzere. Botolo lomasulidwa lili ndi mpweya limauluka ngati chipolopolo. Tsekani valavu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwa fyuluta, ndipo muzikhome kapena kuzipachika chikwangwani. Ngati pali payipi yolambalala, ija amati bypass, mukhoza kuitsegula kuti ntchito isaime, koma kumbukirani kuti mpweya umene ukudutsa pamenepo ndi wosasefa. Kumene mpweya umakhudza katundu wosafuna oyilo, kuli bwino kuimitsa mzere.

Phwetsani kudzera pa kavalavu ka kunsi kwa botolo mpaka kuti zii. Mabotolo ena amalira ngati kamluzu mukayamba kumasula muli pulesha. Mukamva kulira kulikonse, kapena botolo likakhala lolimba modabwitsa, lekani, mubwerere kukaphwetsa. Musalimbane nalo ndi sipanala yaitali.

Ikani kabeseni pansi, masulani botolo, ndipo mulitsitse molunjika chifukwa mumakhala madzi osakanikirana ndi oyilo. Fyuluta ya mkati ina imangosololedwa, ina imapotozedwa, ina imagwidwa ndi kachitsulo kakatali ka pakati. Tsukani botolo ndi madzi a sopo basi. Petulo, thina ndi mankhwala ena osungunula zimafooketsa mabotolo apulasitiki, ndipo amadzaphulika tsiku lina. Botolo lachitsulo liunikeni ngati silinadyeke ndi dzimbiri. Kunsi kwake kumakhala kachipangizo koyandama kotulutsa madzi pakokha. Kagwedezeni muone ngati kakuyenda momasuka, ndipo kabowo kake katsukidwe. Kachipangizo kameneka kakakakamira, madzi amadzaza botolo n'kumiza fyuluta yatsopano, ndipo zonse zimene inagwira zimapitirira kutsogolo.

Sinthani ma O-ring onse (timphira tozungulira totsekera mpweya), wa pa fyuluta ndi wa pa botolo. Apakeni pang'ono mafuta amene opanga analoleza, ndipo ngati mpweyawo umapita kopopera penti, pewani girizi wa silicone chifukwa amawononga penti. Fyuluta yatsopano igwireni kumapeto ake olimba, osafinya siponji yakunja ndi manja a oyilo. Yang'anani chilembo kapena mtundu wake kuti musasinthanitse malo. Yosefa zikuluzikulu imakhala patsogolo, yosefa zosalala pambuyo, ya makala kumapeto. Mukaika ya 0.01 micron pamalo a ya 1 micron, itsekeka msanga. Mukaika ya makala popanda coalescing patsogolo pake, imakhuta oyilo m'masiku ochepa. Kumbukiraninso kuti mu coalescing mpweya umayenda kuchokera mkati kupita kunja, choncho muvi wojambulidwa pamutu pa fyuluta uyenera kuloza kumene mpweya ukupita.

Bwezerani botolo ndi manja, mazinga agwirane bwino osapingasa, mpaka lifike pa chizindikiro chake. Tsekani kavalavu ka kunsi. Tsopano tsegulani valavu yolowetsa mpweya pang'ono kwambiri, mumve botolo likudzaza, ndipo mudikire pulesha ifanane musanatsegule yonse. Kenaka tsegulani yotulukira, nayonso modekha, ndipo mutseke bypass. Kutsegula kamodzin'kamodzi kumamenya fyuluta ndi mpweya wothamanga ndipo kukhoza kuing'amba isanagwire ntchito ndi mphindi imodzi yomwe. Pakani madzi a sopo polumikizira ponse. Pamene pakutuluka thovu, phwetsaninso musanamange.

Mafyuluta onyowa ndi oyilo ndi madzi a m'kabeseni aja asatayidwe m'ngalande kapena pansi. Apite kumene kumapita oyilo wakutha.

Separator, ija ili m'thanki ya oyilo yolekanitsa oyilo ndi mpweya, ndi ntchito ina payokha, ya maola apakati pa 4,000 ndi 8,000 kutengera makina, ndipo ndi ya munthu amene anaiphunzira. Chimodzi chokha ndinene: magasiketi ake ambiri amabwera ndi timawaya tokhala ngati ta sitepula. Musatichotse poganiza kuti ndi zotsalira za m'katoni. Timatulutsa magetsi odziunjika chifukwa cha kukhulana kwa mpweya ndi oyilo, ndipo popanda timeneti kamoto kakhoza kuthetheka m'thanki yodzaza nkhungu ya oyilo.

Kuyatsa

Werengani zida ndi nsalu. Tsekani zitseko zonse za makina, tsekani valavu yophwetsera, tsegulani yotulukira, chotsani loko ndi chikwangwani, ndipo muuze onse ali pafupi kuti mukuyatsa. Imani pomwepo mphindi khumi kapena kuposerapo. Mverani ngati pali kamluzu kapena kuyamwa kwachilendo pafupi ndi bokosi la fyuluta. Onani kuti makina akupanikiza ndi kupumula monga mwa nthawi zonse, kutentha kwakhazikika, ndipo kachizindikiro sikanafiirenso. Kakafiira nthawi yomweyo, mwina pepala lokutira latsalira, mwina payipi yamphira ikufwaphira, mwina fyuluta si ya makinawo.

Bwezeretsani wotchi ya sevisi pa sikirini motsatira buku, koma ya fyuluta imene mwasinthayo yokha. Kufufuta zonse pamodzi kumabisa nthawi ya oyilo ndi separator. Lembani ndi maka pamapeto pa fyuluta kapena pa kapepala komata tsiku ndi maola a makina, ndipo m'buku la sevisi mulembe nambala ya fyuluta, chimene geji inkaonetsa musanasinthe ndi chimene ikuonetsa tsopano, komanso chilichonse chimene mwaona, kaya ndi kamzere ka fumbi, kaya oyilo m'bokosi. Mukasintha maulendo awiri kapena atatu, manambala amenewa adzakuuzani maola enieni amene fyuluta imakhala pa malo anuwo. Mukaona kuti ikutha msanga nthawi zonse, yang'anani kumene makina akukokera mpweya. Nthawi zina kusamutsira polowera mpweya kumbali yozizira ndi yopanda fumbi, kapena kuchapa maukonde osefa a pa zitseko za makina sabata iliyonse, kumatalikitsa moyo wa fyuluta kwambiri. Tsiku lomwelo itanitsani fyuluta ina, ndipo ikafika ikhale m'katoni yake yotseka, pashelefu youma, popanda choitsamira.